Chikuni cha Apongozi

Ndiulule lero, poti ambiri amene akanandiseka anatsogola kale. Kuyambira ndili mnyamata mpaka nditakwatira, ine ndinkakhulupirira kuti m'mandala muli moto. Mandala ndikunena magalasi ovala m'maso awa. Ndinkakhulupiriranso kuti motowo umatha, monga amathera machesi m'bokosi, kotero munthu wanzeru sauseweretsa. Pa nzeru ziwirizi, yoyamba inanditupitsa nkhope, yachiwiri ndiyo inandiletsa kuzindikira msanga kuti yoyambayo ndi bodza.

Musandiyese mbuli, kusukulu ndinapondako. Ndinafika kalasi yachiwiri pa kasukulu ka mishoni kwathu, kufupi ndi Kachebere. Tsiku lina kunabwera mzungu woyendera sukulu. Anatitulutsa tonse panja dzuwa lili paliwombo, nasolola kagalasi kobulungira m'thumba, nakagwira pamwamba pa pepala. Posakhalitsa utsi, kenaka moto. Ine ndinali kumbuyo kwenikweni (kutsogolo kunkakhala anzeru, komanso chikwapu chinkafikako msanga), ndiye chimene ndinaona ndi kagalasi kamodzi m'manja mwake ndi ena awiri pamphuno pake. Mumtima ndinati, kamodzi kokha kayatsa pepala, nanga awiri apamphunowo si angayatse dambo lonse? Mzunguyo anafotokoza ndithu, aphunzitsi athu namasulira, koma nthawi imeneyo ine ndinali kalikiliki kuthamangitsa chiwala.

Nditakula ndinakagwira ntchito ya fodya kutsidya kwa malire. Pobwerera ndinadzera ku boma, limene masiku amenewo linkatchedwa Fort Manning. Pakhonde pa sitolo ina pankasoka telala wachiYao, Che Amadu, amene ankagulitsanso singano, zipeso ndi tina totero. Pakati pa zipesozo ndinaona mandala.

"Che Amadu, amenewa ndi amoto?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Amoto bwanji, achimwene? Awa ndi otchenera. Galasi lake ndi lomwe lija amaika pawindo. Muzivala Lamulungu, atsikana akuoneni."

Ndinamwetulira ngati munthu womva zinthu. Ndinati wamalonda sangaulule zotere pagulu, anthu angaleke kugula machesi m'sitolomo, mwini khonde n'kumuthamangitsa. Ndinagula. Kuyesa sindinayese ngakhale kamodzi, ndinkausunga motowo kuti udzagwire ntchito tsiku lalikulu.

Atsikana anandionadi, mmodzi mpaka anandilola. Ameneyo ndi Nabanda, mkazi wanga, wa cha ku Chiosya. Monga mwa mwambo wathu ndinakakhala kwawo pa chikamwini. Ndinalimako mvula zitatu. Ndinaluka nkhokwe, ndinamanga khola, ndinkalumphira m'tchire ndikaona amayi ake akubwera m'njira. Koma mtima unali kwathu. Amayi anga anali atakalamba, alongo anga ana awo akadali aang'ono, nyumba ikudontha, munda ukubwerera kutchire. Ndinkafuna chitengwa, kuti ndiloledwe kutenga Nabanda tikakhale kwathu mvula isanagwe.

Mwini mawu pa nkhani yotere ndi mwini mbumba, ndipo ameneyu anali a Chikadza, atsibweni ake a Nabanda, amene ine ndinkawatchula kuti apongozi. Anali munthu wamfupi, wowonda, wosunga mawu ngati mbewu. Ankhoswe anga anapitako kawiri, ndipo kawiri konseko yankho linali limodzi: "Tamva."

Tsiku lina madzulo, mwezi wa Juni uli pakati, a Chikadza anandipeza ndikusema mpini.

"Akamwini, mawa mundiperekeze kuphiri. Ndinaona njuchi m'mphako ya muwanga. Nkhani yanu ija tikaikambira konko."

Mpiniwo ndinausiya pomwepo. Ndinati tsiku lalikulu lija lafika.

Ana a masiku ano ndikuuzeni. Nthawi imeneyo machesi kumudzi anali osowa. Moto ukazima m'nyumba, mayi ankatenga phale kukapala kwa mnzake. Wopita kutchire ankanyamula chikuni chonyeka, chifukwa kutchire kulibe mnzako womupalira. Ndipo wokafula njuchi popanda utsi ndiye kuti watopa nawo moyo. Choncho m'mamawa a Chikadza ananyamula nkhwangwa ndi mphika wa uchi, ine Nabanda anandisololera chikuni cha mtondo pamoto.

"Ichi chimasunga moto tsiku lonse," anatero. "Muzichiweyula pang'ono poyenda. Musachiike pansi, pali mame. Nanga mandalawo mukukaonera njuchi?"

"Iwe sungazimve zimenezi," ndinayankha. (Mawu amenewa ndawalankhulapo kangapo m'moyo wanga, ndipo sanandithere bwino ngakhale kamodzi.)

Tinanyamuka, apongozi patsogolo, ine pambuyo. Ndinali nditavala malaya anga a khaki, mandala ali pamphuno, chikuni chili m'manja. Utsi unkandilowa m'maso, phulusa likugwera pamalaya. Pachitsime tinapeza amayi akutunga madzi. Apongozi anawalonjera mwaulemu wonse, koma ine nditangodutsa ndinamva kumbuyo.

"Anzanga, taonani akalaliki a kwa Chikadza. Avala mandala kukapala moto."

"Awatuma, asiyeni afulumire. Mphika uli pamafuwa."

Kunamveka chikhakhali mpaka mitsuko inaiwalika. Ine makutu anatentha kuposa chikunicho. Ndinati munthu wa sukulu, woyenda mpaka kutsidya kwa malire, wokhala ndi moto wachizungu pamphuno, n'kumanyamula chikuni ngati kamtsikana kotumidwa? Titayenda mtunda ndithu, midzi itatha, tinafika pa kamtsinje ka m'tsinde mwa phiri. Apongozi anawoloka. Ine ndinawerama, n'kuchimiza chikunicho m'madzi. Chinangoti tswii, ndipo ndinachisiya pomwepo chikuyandama. Apongozi sanacheuke. Ndinawatsatira ndikugwedeza manja onse awiri, mumtima ndikuona kale momwe akadzidzimukire, ndi momwe akanenere kumudzi kuti mwana wawo akupita ndi munthu wodziwa zinthu.

Pamtengopo tinafika dzuwa litakwera. Njuchi zinkalowa ndi kutuluka pa kabowo, pamwamba pang'ono pa msinkhu wa munthu. Apongozi anazula udzu wouma, naukulunga ndi masamba aawisi kuti ufuke utsi wambiri, naumanga ndi luzi. Kenaka anatambasulira dzanja kumbuyo osayang'ana.

"Moto, akamwini."

Ndinakhosomola pang'ono. "Apongozi, zonyamula zikuni ndi zakale. Lero muona moto wa kusukulu."

Anatembenuka. Anayang'ana dzanja langa lamanja, nayang'ana lamanzere, nayang'ana nkhope yanga. Kenaka anasankha mwala wabwino, nakhalapo, natulutsa kachitini ka fodya wa m'mphuno (fodya amene safuna moto, onani nzeru za akuluakulu).

"Yatsani," anatero.

Ndinagwada, ndinaunjika udzu wofewa, ndinavula mandala mwaulemu ngati ndikuvula chipewa m'tchalitchi, n'kuwagwira pamwamba pa udzuwo. Ndinatembenuzira nkhope kumbali kuti malawi asandiwaule nsidze. Ndinadikira. Nditayang'ana ndinaona kamthunzi chabe ka mandalawo, ndipo nyerere ina inadutsa pakati pake osafulumira n'komwe.

Ndinati mwina ndi litsiro. Ndinawauzira mpweya, ndinawapukuta ndi malaya, ndinayesanso. Zii. Ndinati mwina magalasi awiriwa akulimbirana dzuwa, ndiye ndinaphimba limodzi ndi chala. Zii. Ndinawatembenuza chadodolido. Ndinawayandikiza, ndinawatalikitsa. Nyerere ija inabweranso, itatenga anzake awiri.

Pafupi panali chulu. Ndinakumbukira kuti mzungu uja anali wamtali, ndiye ndinati vuto ndi kutalika kwa dzuwa. Ndinakwera pachulupo ndi udzu wanga.

"Kumeneko layandikira?" anafunsa apongozi.

"Pang'ono, apongozi."

"Uko kuli mtengo wautali."

Inu mukuwerenga mwazindikira kale kuti ankandiseka. Ine ndinati akundithandiza maganizo. Ndinakwera mumtengomo, udzu nditaluma kukamwa, mandala ali m'thumba la malaya. Nditakhazikika bwino pamphanda, kamtambo kanabwera n'kuphimba dzuwa, kenaka kamphepo kozizira kaja ka mu Juni kanayamba kundilowa m'kabudula. Ndili m'mwambamo ndipamene ndinapeza yankho: Che Amadu anandigulitsa mandala akale, mwini wake woyamba anatha motowo wonse. Ndinatsika ndili wokwiya kwambiri ndi munthu wosalakwa.

Apongozi anafwenkha fodya, nayetsemula, napukuta mphuno.

"Akamwini, kumudzi ndi kutali. Uchi sitifula popanda utsi. Ndipo dzuwa likatilowera kuno tilibe moto, mikango yakuno mandala siiwadziwa. Kodi kwanu moto sapeka?"

"Amapeka."

"Inu mumatha?"

Zoona zake, ndinaonapo kamodzi kokha ndili mwana, patali, akulu ena akupotokola kamtengo m'manja pamwamba pa chikuni mpaka utsi kutuluka. Apa ndi pomwe munthu wamutu akananena kuti sinditha. Koma ndinaona chitengwa changa chikuyandama ngati chikuni chija, ndipo pakamwa panga panayankha pokha.

"Kwambiri."

Ndinatola nthambi youma ya muwanga womwewo. Amene amaudziwa muwanga aseka kale, chifukwa mtengo umenewu ngakhale chiswe chimaulambalala. Kopekera ndinathyola kamtengo ka msuku, kakawisi, kokhota ngati mwendo wa galu. Ndinakhala pansi, ndinapana nthambiyo ndi mapazi, ndinayamba. Kamtengo kanaterereka n'kundibaya pantchafu. Ndinayambanso. Ndinapeka mpaka thukuta linatsikira kumsana pa tsiku lozizira chotero. Pa muwangapo panangooneka kadontho konyezimira, ngati ndaupaka mafuta. Moto unabwera ndithu, koma unabwera m'zikhatho mwanga. Matuza anatuluka anayi, awiri uku awiri uku, ndipo limodzi linaphulika.

Nditadzutsa mutu ndinaona pamwala paja palibe munthu. Apongozi ankalowera kuseri kwa zitsamba, ndipo ndinaganiza kuti apita kukadzithandiza. Apa ndipo inandifikira nzeru yomaliza ya tsikulo, yoposa zinzake zonse. Ndinati chimene tadzera kuno ndi uchi, osati moto. Kukuzizira, njuchi zafooka. Maso anga ali ndi chotchinga. Akamabwera apeze mphika wadzaza, za chikuni aziiwala.

Ndinavala mandala, ndinatenga nkhwangwa, ndinaima pansi pa mphako ija. Ndinatema kamodzi. M'katimo munamveka kung'ung'udza ngati anthu ambiri akuyankhira nyimbo ya maliro. Ndinatema kachiwiri.

Kachitatu sindinateme. Njuchi za mu Juni sizifooka, abale, limenelo ndi bodza langa lomwe. Zinatuluka ngati utsi umene ndinalephera kuupanga uja. Yoyamba inanditera pamlomo, yachiwiri pakhutu, zotsatira sindinathe kuzilonjera imodziimodzi. Mandala aja anathandizadi, koma anathandiza njuchi: ziwiri zinalowa kuseri kwa galasi, zinasowa potulukira, ndipo zinagwira ntchito yawo mosasokonezedwa. Ndinataya nkhwangwa n'kuliyatsa liwiro lotsetsereka, ndikudzimenya makofi amene ngakhale aphunzitsi anga sanandimenyepo. Kumunsi kunali kadambo kokhala ndi thamanda. Ndinadziponya momwemo ndi malaya a khaki omwe. Mandala anatsala penapake m'njira, ndipo ngati pali nyani amene anawatola, ndikhulupirira anawayesa kaye asanakadzitame kwa apongozi ake.

Ndinakhala m'matopemo, mphuno yokha ili kunja, mpaka ndinamva mapazi.

"Tulukani, akamwini. Achule akufuna malo awo."

Ndinatuluka ndikunjenjemera, mano akuwombana. Diso limodzi linali litatsekeka kale. Ndi lotsalalo ndinaona kuti apongozi sanapite kukadzithandiza. M'manja anali ndi nthambi youma ya mpoza, kandodo kouma koongoka konenepa ngati chala, ndi chisa chakale cha mbalame.

Tinakhala poduka mphepo, kuseri kwa thanthwe. Anasema mpozawo ndi mpeni kuti ukhale wathyathyathya, naboola kadzenje pafupi ndi m'mphepete, nacheka kampata kochokera m'kadzenjemo kutsikira kumbali. Pansi pa kampatako anaika tsamba louma. M'kadzenjemo anathiramo timchenga tochepa, ta pansonga ya chala.

"Wapansi ukhale wofewa, ndipo zonse zikhale zouma," anatero. "Pondani apa. Ndiyamba ine. Manja anga akamafika pansi, inu mulandire pamwamba. Kandodoka kasaime, kakaima tayambanso."

"Apongozi, manjawa ali ndi matuza."

"Ndawaona. Pondani."

Anayamba. Zikhatho zawo zinkatsika ndi kandodo kaja pang'onopang'ono, zikafika pansi ine n'kulandira pamwamba, ndikafika pansi iwo n'kulandira. Ulendo woyamba ndinachedwa, kandodo kanaima, anangondiyang'ana. Ulendo wachiwiri tinagwirizana. M'kampata muja munayamba kutsika utuchi wofiirira, kenaka wakuda. Ndinamva fungo. Kenaka ndinaona kautsi kopyapyala ngati ulusi.

"Musasangalale, pekani."

Ndinapeka, misozi ikutuluka m'diso lotsekeka lomwe. Mwadzidzidzi anati basi. Anachotsa mpoza mosamala, ndipo patsamba paja panali kamulu ka utuchi wakuda kakufuka kokha, pakati pake kakala kofiira kochepa ngati njere ya mawere. Anakakhuthulira m'chisa cha mbalame, nachipinda, nayamba kuuzira pang'onopang'ono ngati mayi akupoletsa phala la khanda. Utsi unakula, unayera, kenaka chisa chonse chinalilima m'manja mwawo. Anachiika pansi, naikapo tinthambi tating'ono, kenaka tokulirapo, kenaka nkhuni.

Ndaona moto wambiri m'moyo wanga, wa m'zigafa za fodya ndi wa lupsa lomwe, koma wokongola ngati umenewo sindinauonenso. Ndinavula malaya n'kuwayanika, ndinayandikira mpaka maondo anafiira.

"Moto wopeka ndi wa anthu awiri," anatero apongozi akusonkhezera. "Mmodzi amatha, koma wozolowera, osati inu. Ine ndakhala pamwala paja kudikira kuti munene kuti apongozi, chikuni ndataya, tandithandizani. Mawu ochepa chabe. Inu mwakwera chulu, mwakwera mtengo, mwatsala pang'ono kukwera kumwamba."

"Munadziwa kuti ndataya?" Mawu ankatuluka mokhota, milomo inali itayamba kulemera.

"Ndinachimva chikulira pamtsinje."

Anayatsa udzu wawo uja nakwera okha kumtengo. Njuchi zinali zikadali ndi mkwiyo wa ine, koma anazifukiza moleza mtima mpaka zinagonja, ndipo anabwera ndi mphika wofika pakati. Inawaluma imodzi yokha, pachala, ndipo anandionetsa chalacho kuti ndiwamvere chisoni. Ponyamuka anasolola chikuni china pamoto wathu uja n'kundipatsa. Ndinachinyamula ngati khanda la mfumu.

Titawoloka kamtsinje kaja ndinalimba mtima.

"Apongozi, nanga nkhani ija?"

Anayankha akuyendabe.

"Mulime mvula inanso imodzi, akamwini. Mwana wa mlongo wanga ndimupereke bwanji kwa munthu woti moto ali nawo m'manja n'kuutaya, pofuna kuti amutame? Chaka chino muphunzire kupeka, muphunzirenso kunena kuti sinditha. Nyumba ya amayi anu ikudontha, ndinamva. Mwezi wamawa tipita tonse tikafolere, ndipo mvula ikagwa muzipita masiku ena kukawalimira. Koma Nabanda akhala."

Ndinafuna kudandaula, koma milomo inali itafika poti sikanatha kutsutsa munthu. Mwina ndi tsiku lokhalo pa chikamwini changa chonse limene ndinayankha mwanzeru.

Mvula ija ndinalimadi. Nyumba ya amayi tinafolera, ndipo a Chikadza ali padenga anawafotokozera amayi anga nkhani yonse, ndi ya chulu yomwe, mpaka mayi wokalambayo anakhala pansi ndi kuseka. Chaka chotsatira Nabanda ndinamutenga. Kupeka moto ndimatha mpaka lero, mundipatse mpoza wouma muone. Kunena kuti sinditha ndiye ndikuphunzirabe.

Koma chimene chimandiyabwa mpaka pano si njuchi ayi. Tsiku lomwelo tinafika kumudzi kuli chisisira, ndipo galu wathu yemwe anandiuwa. Nabanda anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayala mphasa pafupi ndi moto, nandigoneka mutu pamiyendo pake, nayamba kuzula mbola ndi zikhadabo. Ndinamuuza za mvula inanso imodzi, ndikuyesetsa kuti nkhaniyo imveke ngati apongozi ndi munthu wovuta. Anamaliza kaye tsaya lonse.

"Inutu," anatero, "atsibweni anali atavomera kale dzana. Ndinawagwadira ndine, amayi ali pomwepo. Kuphiriko amangofuna wowanyamulira chikuni, kuti akakuuzeni muli awiri. Tatembenukani, kwatsala khutu linalo."